Mmisiri wa Zithunzi Asamuka Bwanji ndi Zida Zace

M'mizinda ya Lusaka, Kitwe, Ndola ndi Chipata muli tinyumba tambiri ta nchito m'mene anthu amapita akafuna makhadi a ukwati, mapepala a mwambo wa maliro, zikwangwani za masitolo kapena zithunzi zosindikiza pa malaya. Amene amakonza zinthu zimenezi ndiye mmisiri wa zithunzi, ndipo benchi lace ndi kompyuta. Munthu woimirira kumbuyo kwace amazizwa ndi liwiro la manja ace, pakuti dzanja lamanzere limadina mabatani iye osayang'anako, lamanja liri kuyendetsa mausi, ndipo cithunzi cimasandulika diso lisanatsate bwino. Ambiri amayesa kuti liwiro lonselo liri m'makina. Koma gawo lalikuru la liwirolo liri m'makonzedwe a zida, amene mmisiriyo anawakonza pang'ono pang'ono pa zaka zambiri, kufikira dzanja linadziwa lokha pamene ciri conse cimakhala.

Anthu a ku migodi sangabvutike kumva zimenezi. Fitala wa m'shopu amapacika sipanala iri yonse pa msomali wace, kotero kuti angathe kuitenga ngakhale maso ace ali pa makina amene akukonza. Wina akabwera usiku nasintha misomaliyo, zida zonse zimakhalapo ndithu, palibe cotayika, koma m'mawa mwace nchito ya ola limodzi idzatenga maola awiri. Zotere zimamgwera mmisiri wa zithunzi tsiku limene pulogramu yace yalowedwa m'malo ndi mtundu watsopano. Akatsegula amapeza timazenera ta zida tiri pena, maburashi ace palibe, ndipo batani limene linali kucepetsa cithunzi likucita zina kapena silikucita kanthu. Pakhomo pali munthu amene akudikira mapepala a maliro a mawa.

Pulogramu yochuka koposa pa nchito imeneyi ndiyo Photoshop. Anaiyamba ndi abale awiri a ku America, Thomas Knoll ndi John Knoll, ndipo kampani ya Adobe inayamba kuigulitsa m'caka ca 1990. Poyamba zida zace zinali zowerengeka, koma zinanka nizicuruka. Mu 1994 munabwera Layers, ndiyo njira yosanjikiza zidutswa za cithunzi monga mapepala oonekera. Mu 1996 munabwera Actions, zimene zimakumbukira mndandanda wa nchito ndi kuubwereza pa batani limodzi. Pofika 2002 timazenera tinali titacuruka kotero kuti Photoshop 7 anapatsa munthu mphamvu yosunga makonzedwe ace pansi pa dzina, ndipo makonzedwe osungidwawo ndiwo amachedwa Workspace. Caka cotsatira, 2003, munthu analoledwanso kusankha yekha mabatani a njira zacidule.

Masiku amenewo munthu anali kugula pulogramu kamodzi, nakhala nayo zaka zinai kapena zisanu osaigwedeza. Kuyambira 2013 Adobe anasiya kugulitsa mitundu yatsopano motero, nayamba kulipiritsa mwezi ndi mwezi kapena caka ndi caka, ndipo mtundu watsopano umaturuka pafupifupi caka ciri conse, kawirikawiri ca m'mwezi wa October. Cotero kusamuka, kumene kale kunali cinthu ca kamodzi kamodzi, kwasanduka nchito ya caka ndi caka ngati kufolera nyumba ya udzu.

Kumene makonzedwe amakhala

Cinthu coyamba cimene mmisiri ayenera kudziwa ndi ici: makonzedwe ace sakhala m'kati mwa zithunzi zimene anapanga, ndiponso sakhala m'kati mwa pulogramu yeniyeniyo. Amakhala m'timafailo tating'ono, m'foda ina yapadera imene kompyuta imaibisa, ndipo foda imeneyo imachedwa ndi dzina la mtundu wa pulogramuyo. Photoshop 2024 ali ndi foda yace yochedwa Adobe Photoshop 2024 Settings. Pamene Photoshop 2025 alowa, amadzipangira foda yaceyace yatsopano, ndipo sayang'ana m'foda ya mnzace ngati sanauzidwe. Ndico cifukwa cace mtundu watsopano umatseguka ngati nyumba yopanda katundu, cinkana katunduyo ali m'nyumba yoyandikana nayo, wosaonongeka konse.

Pa kompyuta ya Windows mafoda amenewa ali m'kati mwa AppData, ndipo njira yapafupi yofikira kumeneko ndiyo kulemba mau akuti %appdata% pa mzere wa pamwamba wa zenera la mafailo. Pamenepo pamaoneka foda ya Adobe, m'kati mwace muli foda ya Photoshop wa caka cimeneco, ndipo m'menemonso muli mafoda awiri ofunika: ina ya Presets, ina ya Settings. Pa kompyuta ya Mac zinthu zinagawidwa pawiri m'foda yobisika yochedwa Library, imene imaoneka munthu akagwira batani la Option potsegula menyu ya Go. Foda ya Settings iri m'kati mwa Preferences, ndipo ya Presets iri m'kati mwa Application Support.

Tsono makonzedwe si katundu mmodzi womangidwa mtolo umodzi. Ali ngati katundu wa m'nyumba, mphika pawokha, mphasa payokha, ndipo mtundu uli wonse umadziwika ndi zilembo zitatu za kumapeto kwa dzina la failo. Malo a timazenera amasungidwa m'failo ya .psw, mabatani a njira zacidule m'failo ya .kys, ndi menyu zosinthidwa m'failo ya .mnu. Maburashi ndi .abr, Actions ndi .atn, ndipo mitundu ya utoto imene mmisiri anaisankha ndi .aco. Palinso ena, monga .pat ndi .grd, koma amene achulidwawa ndiwo amaliza anthu akatayika. Failo imodzi imaiwalika kawirikawiri cifukwa imakhala kwina, m'foda ya Color: ndiyo ya .csf, imene imasunga malamulo a maonekedwe a utoto. Kwa munthu wosindikiza pa pepala imeneyi ndi yolemera, pakuti ikasintha iye osadziwa, cofiira cimene anazolowera cingaturuke cosiyana pa makina osindikizira, ndipo mapepala mazana awiri amene mwini wace wawakana ndi ndalama zotayika.

Zosungidwa ndi zongoikidwa

Pali kusiyana kumene ngakhale amisiri akale ambiri sakudziwa, pakati pa cinthu cosungidwa ndi cinthu congoikidwa pa kazenera. Mmisiri akapanga Action yatsopano, imaoneka pa kazenera ka Actions, ndipo mawa akatsegula adzaipeza pomwepo. Iye amayesa kuti yasungidwa. Koma siinakhale failo payokha ai. Photoshop amangoilemba m'failo imodzi ya zokumbukira yochedwa Actions Palette.psp, ndipo amalemba zimenezo pa nthawi yotseka pulogramu. Pulogramu ikafa mwadzidzidzi, kapena magetsi akazima isanatsekedwe bwino, zonse zimene zinapangidwa tsikulo zimapita. Failoyo ikaonongeka, zimapita za zaka zonse.

M'Zambia muno nkhani imeneyi siyakutali. M'caka ca 2024, madzi atacepa m'nyanja ya Kariba cifukwa ca cilala, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo kompyuta ya pa thebulo yopanda batire imazima pamodzi ndi nyale. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Action imene siinalembedwe m'failo ya .atn iri pacala.

Kuisunga nkosabvuta, koma pali kamsampha kamodzi. Photoshop salola kusunga Action imodzi payokha. Amasunga gulu lonse. Munthu ayenera kudina pa dzina la gululo, limene liri ndi cizindikiro ca kafoda, ndipo pamenepo lamulo la Save Actions limadzuka m'menyu ya kazenerako. Akadina pa Action imodzi lamulolo limakhala lotuwa, losagwira nchito, ndipo ambiri amabwerera pomwepo poyesa kuti pulogramu yaonongeka. Maburashi ndi mitundu ya utoto amaturutsidwanso cimodzimodzi, kucokera m'menyu za timazenera tao.

Malo a timazenera nawonso ayenera kupatsidwa dzina. Munthu amene wangokankha timazenera uku ndi uku pa makonzedwe amene anabwera ndi pulogramu, ochedwa Essentials, alibe cace ceniceni. Wangosuntha mipando m'nyumba ya eni. Ayenera kupita ku menyu ya Window, pansi pa Workspace, nasankhe New Workspace, nalembe dzina. Pamenepo pali timabokosi titatu tofunsa ngati mabatani a njira zacidule, menyu, ndi mzere wa zida zisungidwe pamodzi ndi malowo, ndipo ndi bwino kudina tonse titatu. Failo ya .psw imabadwa nthawi imeneyo m'foda ya WorkSpaces. Pambali pace pali foda ina ya dzina lofanana, loonjezedwa mau akuti Modified, m'mene mumalembedwa zosintha za tsiku ndi tsiku zimene zacitika pambuyo pa kusungako. Amene wasintha makonzedwe ace nawakonda, awasungenso pa dzina lomwelo asanasamuke. Akapanda kutero adzanyamula makonzedwe a caka catha, nadabwa kuti kazenera kamene anakaonjeza mwezi watha kapita kuti.

Pali nzeru ina yosafuna ukatswiri uli wonse: kujambula sikirini yonse ndi foni zinthu zisanagwedezeke. Zina zonse zikakanika, cithunzi cimeneco cidzamthandiza munthu kumanganso malo ace m'mphindi khumi, m'malo molimbana ndi kukumbukira sabata yathunthu.

Njira za kusamukira

Njira yoyamba ndiyo kulola pulogramu kuti inyamule yokha. Pamene munthu aika mtundu watsopano kudzera m'pulogramu ya Creative Cloud, amaonetsedwa timabokosi tiwiri. Kamodzi kamafunsa ngati makonzedwe akale atengedwe, kena kamafunsa ngati mtundu wakale ucotsedwe. Koyambako nkoyenera kukabvomera. Kaciwiriko nkoyenera kukakana, ndipo apa mpamene anthu ofulumira amapwetekera, pakuti amadina osawerenga. Mitundu iwiri ingakhale pamodzi m'kompyuta imodzi popanda kukangana. Cimene imadya ndi malo cabe. Palibe munthu wanzeru amene amagwetsa nyumba yakale denga la yatsopano lisanayesedwe ndi mvula.

Ngati nthawi imeneyo inapitirira, mwai ulipobe. Kuyambira Photoshop CS6 wa 2012 muli lamulo lochedwa Migrate Presets, m'menyu ya Edit pansi pa Presets. Limayang'ana foda ya mtundu wakale m'kompyuta yomweyo ndi kukokera zimene lapeza, ndipo pambuyo pace pulogramu iyenera kutsekedwa ndi kutsegulidwanso. Koma lamuloli siliona kunja kwa kompyuta imene liri. Amene wagula makina atsopano, kapena wacoka pa nchito ku Ndola kukayamba yace ku Chipata, afunika lamulo loyandikana nalo lochedwa Export/Import Presets. Limeneli limaonetsa mndandanda wa zosungidwa zonse, munthu nasankha zimene afuna, ndipo zimalembedwa m'foda imodzi imene ingaikidwe pa fulashi. Pa makina atsopano lamulo lomwelo limazilowetsa. Apa mpamene phindu la kusunga kuja limaonekera, cifukwa cimene sicinapatsidwe dzina ndi kusungidwa sicioneka pa mndandandawo.

Njira yacitatu ndiyo ya manja, ndipo ngakhale imaoneka yoopsa, ndiyo yodalirika koposa, pakuti munthu amaona ndi maso ace cimene wanyamula. Amatseka Photoshop poyamba. Ici ncofunika, cifukwa pulogramu yotseguka idzalemba zace pamwamba pa zimene zaikidwa pa nthawi yotseka. Kenaka amakopera failo ya .psw kucokera m'foda ya WorkSpaces yakale kupita m'foda ya WorkSpaces yatsopano, failo ya .kys kupita m'foda ya Keyboard Shortcuts m'kati mwa Presets, ndi zina zonse motero, ciri conse m'foda ya dzina lace. Akopere, asadule, zakale zitsale pamalo pace. Akatsegula pulogramu, dzina la makonzedwe ace lidzaoneka m'menyu ya Window.

Mu 2013 Adobe anaika njira yochedwa Sync Settings, yonyamula makonzedwe kudzera pa intaneti, ndipo anthu anaikondwerera. Mu 2015 anaicotsa mu Photoshop. Amene anali ndi mafailo ao pa fulashi sanaone kusintha kuli konse.

Katundu woyenera kutsala

Si zonse zimene ziyenera kunyamulidwa, ndipo mmisiri amene amakokolola foda yonse ya Settings kuitsanulira m'mtundu watsopano amadziitanira mabvuto. M'foda imeneyo muli failo yaikuru ya zokonda, imene dzina lace limatha ndi Prefs.psp. Failo imeneyi imalembedwa mobwerezabwereza pa zaka, ndipo ndiyo imaonongeka kawirikawiri. Pulogramu ikayamba kucita zacilendo, mankhwala oyamba amene akatswiri amalangiza ndiwo kuifafaniza, pogwira mabatani a Ctrl, Alt ndi Shift pa nthawi yotsegula. Kuinyamula kuli ngati kusamuka ndi mphasa ya nsikidzi. Zimene ziri m'menemo, monga muyeso wa mamilimita kapena disiki imene pulogramu imagwirirapo nchito, munthu angazikonzenso ndi manja m'kanthawi kocepa.

Palinso zinthu zimene sizingasamuke ngakhale munthu atafuna, cifukwa malo ace m'nyumba yatsopano kulibe. Mu 2021 Adobe anayamba kucotsa zida za 3D mu Photoshop. Mu 2022 mabuku ambiri a mitundu ya utoto ya Pantone, imene osindikiza amaichula ndi manambala, anacotsedwa m'mapulogramu a Adobe. Mu January 2023 zilembo zakale za mtundu wa Type 1 zinaleka kugwira nchito m'mapulogramu amenewa. Workspace imene inali ndi kazenera ka cinthu cocotsedwa imatsegukabe, koma kazenerako kulibe, ndipo Action imene imaitana lamulo locotsedwa imaima pakati ndi kudandaula. Tizida toonjezera togulidwa kwa makampani ena, tochedwa mapulagini, sitikoperedwa ndi manja. Timaikidwa mwatsopano kucokera kwa eni ace, ndipo tina takale sitiyenda pa makompyuta a Mac a makina a Apple, amene anayamba kuturuka mu 2020. Ndiponso katundu amayenda bwino kucokera ku mtundu wakale kupita ku watsopano. Kubwerera m'mbuyo sikulonjezedwa, makamaka ndi maburashi.

Nthawi zina cosintha si failo koma lamulo lenilenilo. M'mtundu umene unaturuka mu October 2018, Adobe anasintha zinthu ziwiri zimene manja a amisiri anazizolowera zaka zambirimbiri. Kale kudina Ctrl ndi Z kunali kubweza sitepe imodzi yokha, ndipo kudinanso kunali kuibwezeretsa. Kuyambira pamenepo kudina kuli konse kumabwerera m'mbuyo sitepe ina. Kalenso munthu anali kugwira Shift pokuza cithunzi kuti nkhope isaphwatalale. M'mtundu umenewo cithunzi cinayamba kusunga msinkhu wace cokha, ndipo kugwira Shift ndiko kunayamba kuciphwatalitsa. Anthu anadandaula kwambiri, ndipo timabokosi tobwezera macitidwe akale tiripo, kena m'zenera la Keyboard Shortcuts, kena m'zenera la Preferences, tonse tiri ndi liu lakuti Legacy. Mmisiri wacikulire amene nchito yamthina angatidine osacita manyazi. Koma wacinyamata amacita bwino kuphunzira njira yatsopano, pakuti tsiku lina adzakhala pa kompyuta ya eni.

Kukula kwa sikirini nakonso kumalowererapo. Makonzedwe opangidwira masikirini awiri a mu ofesi akaikidwa pa laputopu yaing'ono, timazenera timapanikizana ndi kubisa cithunzi. Amene amagwira nchito pa makina awiri asunge ma Workspace awiri, iri yonse ndi dzina lace.

Amisiri ambiri a zikwangwani ndi malaya amakonda CorelDRAW, pulogramu ya ku Ottawa m'dziko la Canada imene inayamba mu 1989. M'menemo nchito ndi yacidule, pakuti kuyambira mtundu wa X7 wa 2014 makonzedwe amaturutsidwa m'failo imodzi ya .cdws ndi lamulo la Export Workspace, nalowetsedwa ndi Import Workspace. Ndipo kugwira batani la F8 potsegula kumabwezera zonse monga zinabwerera ku fakitale. Amene alibe ndalama zolipira mwezi ndi mwezi amagwiritsa nchito GIMP, imene iri yaulere. Nayonso imasunga makonzedwe m'foda ya nambala ya mtundu wace. Pamene GIMP 3.0 inaturuka mu March 2025, inali kutenga yokha zimene yapeza m'foda ya 2.10 pa kutseguka koyamba, koma mapulagini akale ambiri sanathe kuyendamo kufikira atalembedwanso.

Cotsala ndi kusankha tsiku. Kusamuka sikucitika Lacisanu pamene makhadi a ukwati wa Loweruka sanathe, kapena masiku oyandikira Khrisimasi pamene nchito yaunjikana. Mmisiri amasankha tsiku lozizira nchito, nasamutsa katundu wace, kenaka amatenga nchito imodzi yakale imene amaidziwa bwino ndi kuicitanso m'mtundu watsopano kuyambira paciyambi kufikira pepala lituruke m'makina. Action iri yonse imayesedwa pa cithunzi cokopera, osati ceniceni, ndipo pepala losindikizidwa limaikidwa pambali pa lakale kuti utoto ufanizidwe pa kuwala kwa dzuwa. Mtundu wakale umatsala m'kompyuta milungu ingapo, kufikira nchito za mtundu uli wonse zimene shopuyo imalandira zitapitamo m'watsopano, ndipo fulashi ya mafailo aja imalembedwa caka pamwamba pace ndi kusungidwa m'kabati ya kunyumba, kutali ndi kompyuta.